Mpando wa Apongozi pa Njinga Yanga Yamoto

Ana inu, senderani kuno kumthunzi, chifukwa ndege ikayamba kulira kubwaloko ine sindibwereza mawu. Iwe Yamikani, dzulo unandionetsa pafoni njinga yamoto imene ukufuna kugula, yofiira, yonyezimira, mimba ikukhwekhwereza pansi ngati bakha. Ndinangoti ili bwino chifukwa panali alendo. Lero alendo apita, ndiye ndikuuze zoona. Imeneyo ndi ya paphula. Ukangopatuka pa Lirangwe kulowera kumudzi kwa agogo ako aakazi, idzakutula pachigwembe choyamba. Ine njinga ndimaidziwa, ndipo pamenepa sindichita manyazi kudzitama. Tsiku lina maso a munthu anadalira mmene ndinaisankhira ndi mmene ndinaikonzera. Munthuyo anali apongozi anga, agogo Nachisale, amene anabereka agogo anu a Esinati.

Masiku amenewo ndinali mlangizi wa ziweto, ndipo ndinkakhala chikamwini kumudzi kwawo kwa Esinati. Msewu unkathera pamlambe wina waukulu, kuchokera apo kanali kanjira ka mbuzi, miyala, makande, kenako mtsinje. Ndinkayenda pa njinga yakapalasa, chikwama cha majakisoni kukaliyala, kuzungulira mpaka cha ku Mdeka. Kamba wanga anali chigumu chokulunga m'tsamba la nthochi ndi thobwa wa m'botolo, ludzu likavuta ndinkamunga malambe. Inu lero mukayenda kuchoka pano kufika pamsika mwayamba kale kufunsa za tchipisi. Koma kapalasa ankandichedwetsa. Kangapo konse ndinafika pakhola n'kupeza ng'ombe yodwala ija eniake ayamba kale kusenda.

Nthawi yomweyo n'kuti maso a apongozi akuchita ng'ala. Anali mayi wolimba, makolo awo anachita kuyenda pansi kuchokera ku Mozambiki, ndipo munda wawo wa nandolo unkadziwika mudzi wonse. Ng'ala itakhwima m'maso onse awiri anangokhala pakhonde, manja pamiyendo, kudikira kuti wina awalondolere kubafa. Madokotala a maso ankatumiza galimoto pachipatala chaching'ono cha pa Lirangwe kudzatenga anthu otere kupita nawo m'tauni kukawachotsa ng'alayo, koma inkabwera patalipatali ndipo sinkadikira munthu. Ulendo woyamba tinawakweza pangolo. Ngolo inatitimira m'makande, tinakafika galimoto itapita kalekale. Tinabwerera nawo kumudzi. Atafika anauza Esinati kuti, "Ndikadzaiphonyanso, mundileke ndife ndi mdima wangawu." Chakudya anayamba kungochilawa. Mawu amenewo anandikhala pamtima, ndipo nditagulitsa ng'ombe zanga ziwiri kuti ndigule njinga yamoto, sindinkaganiza za majakisoni okha.

Apa ndiyambe ndakuuzani za ulemu wa nthawi yathu, apo ayi simumva kanthu. Iwe Tadala, mkazi wanga wamng'ono, ika foniyo pansi, mwamuna wako akulankhula. Masiku ano mkamwini amajambulitsa ndi apongozi ake atawakoloweka dzanja paphewa. Ife tikakumana panjira, mmodzi ankapatukira kutchire. Zaka zisanu ndi zitatu ndili pamudzipo sindinagwirepo dzanja lawo, sindinadyepo iwo akuona, ndipo mawu athu ankadzera kwa Esinati ngakhale tonse tili pabwalo limodzi. Sichinali chidani ayi. Ndinkawakonda mayi amenewo, ndipo ulemu umenewo ndinkaunyadira.

Njinga ndinakaipeza kuno ku Chileka, kwa a Jailosi, mmisiri amene ankakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika. Anali munthu wamfupi, wosaseka wamba, zala zakuda ndi oyilo mpaka kutchalitchi. Anali ndi njinga ziwiri zogulitsa. Ina inali yaikulu, yakuda, magalasi awiri, mwini wake ankagwira ntchito kubwalo la ndege. Inayo inali yowonda, yaitali miyendo, utoto utasuluka, thanki itaphwanyika mbali imodzi. Mtima wanga unathamangira yaikulu ija, ndinadziona kale ndikutsika nayo pamaliro anthu akundipatsa mpando.

"Mukayenda nayo kuti, alangizi?" anandifunsa a Jailosi.

"Kuseri kwa Lirangwe, kumene galimoto sifika."

Anaigwira yaikulu ija n'kuigoneka pansi pang'onopang'ono. "Idzutseni."

Ndinakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Inadzuka, koma msana unandiuza mawu. Kenako anagoneka yowonda ija, ndipo ndinaidzutsa ngati ndikudzutsa mbuzi.

"Kumene mukupitako mukagwa," anatero. "Osati mwina ayi, mukagwa ndithu. Ndiye mugule imene mungaidzutse nokha, sinanga kutchire kulibe wokuthandizani."

Yamikani, chimenecho ndicho choyamba. Chachiwiri a Jailosi anandikhazika pachishalo kuti aone ngati zala za mapazi onse awiri zikufika pansi. Zinafika, ngakhale chidendene chinali m'mwamba, ndipo anati zakwana. Anandigwaditsa kuti ndisuzumire kunsi kwa injini, ndipo mpata wake mwana wa mbuzi akanadutsa osawerama. Tayala lakutsogolo linali lalikulu ndi lopyapyala, anati limenelo ndilo limakwera mwala m'malo mouwomba. Anatenga sipanala n'kumagogoda masipoko limodzilimodzi, lolimba limalira ngwee, lofooka limangoti phwa. Anandiuzanso kuti ndisanaikike ndiyambe ndagwira injini ndi dzanja. Ikakhala yofunda ndiye kuti wogulitsa anailiza kale kuti abise ulesi wake wa m'mawa. Yanga inali yozizira, ndipo inalira nditakika kachiwiri. Zipangizo zake zinkapezeka ku Limbe, osati zimene mumagula masiku anozi, kabawuti kamodzi kakathyoka mumvekere tikudikira kachokere kunja.

Kugula kunatha tsiku limodzi, koma kukonza kunatitengera sabata yathunthu. Tinachotsa matayala osalala n'kuika a mano akuluakulu. Kunsi kwa injini a Jailosi anamangako chitsulo chimene anadula pachitseko cha galimoto yakufa, kuti mwala ukamenya uzimenya chimenecho. Madigadi yakutsogolo tinaikweza m'mwamba, chifukwa makande akamatirira pakati pa tayala ndi madigadi njinga imangoima chilili ngati bulu wokwiya. Mahandulo tinawakwezako pang'ono kuti pamiyala ndizitha kuimirira, mawondo azigwira ntchito m'malo mwa msana. Zogwirira za buleki ndi kilatchi sanazimange kwambiri, anati njinga ikagwa zizitembenuka, zisamathyoke. Tcheni anandiphunzitsa kuchiyesa nditakhala pachishalo, chizisewera zala ziwiri, chikakungika kwambiri chimaduka pabampu. Siponji yosefa mpweya kuichapa, kuiumitsa, kuipaka oyilo pang'ono. Sipanala, pulagi yapadera, zigamba ndi pampu tinazikulunga m'chubu chakale n'kumanga kukaliyala.

Chinthu chimodzi sanandiuze, poganiza kuti ndikuchidziwa. Ife anthu a kuno tinakulira pa njinga zonyamula makala, ndipo timadziwa kuti tayala labwino ndi limene lapopedwa mpaka kuti gwa. Tsiku loyamba ndinalipopa chomwecho, ndikuimba nyimbo. Pamiyala njinga inkadumpha ngati mpira, mano akugundana mkamwa. Nditafika pamchenga wa mumtsinje wa Lirangwe, tayala lakutsogolo linalowa pansi ngati khasu, ine ndinapitirira ndekha kudzera pamwamba pa mahandulo. Amayi anali pompo akuchapa. Mmodzi anati, "Adokotala a ng'ombe, sopo mwatenga kapena tikubwerekeni?" Nkhani imeneyo inakafika kumudzi ine ndisanafike. A Jailosi atamva anaseka, ndipo kanali koyamba kuona mano awo. Anati kutchire uziphwetsako mpweya mpaka chala chachikulu chizilowa pang'ono ukadina, tayala lizigona pamchenga, ukafika paphula upopenso.

Tsopano nayi nkhani imene ndakuitanirani. Njinga itakhala bwino, ndinabwerera kwa a Jailosi kuti andikonzere pokhala apongozi. Ndinawauza kuti achotse chopondera chakumanzere cha wokwera kumbuyo, aikepo thabwa lalitali loti munthu apondepo mapazi onse awiri atakhala chambali, monga amakhalira amayi pa njinga. Kumbuyo awotcherere chitsulo chogwirira, kuti dzanja lawo lisayandikire thupi langa.

"Alangizi, njinga iyi sakhala chambali," anatero a Jailosi. "Paphula mwina. Koma kumene mukunenako wakumbuyo azikhala chotang'adza, akugwireni m'chiuno, mukapendama nayenso apendame."

"Amisiri, ndi apongozi angatu."

"Ndamva. Komanso mwati saona. Adziwa bwanji kuti kutsogolo kuli dzenje?"

"Ndiziwauza."

Anatenga thabwa. Analimanga ndi mabawuti awiri, anatchinga masipoko akumbuyo kuti chitenje chisakodwe, anaphimba ekizozi kuti isawotche mwendo, anakunga sipuling'i yakumbuyo kuti inyamule anthu awiri. Chopondera anachotsa chija anachiponya m'chubu cha zida zanga. Ine ndinayeserera ndi thumba la chimanga kawiri konse, kupita ndi kubwera, ndipo zinayenda bwino kwambiri. Sindinaganize kuti thumba la chimanga silichita mantha.

Uthenga unabwera kudzera kutchalitchi kuti galimoto ya maso ifika Lachinayi ndipo inyamuka teni koloko. Inali nthawi ya dzinja, chimanga chikumasula, ndipo Lachitatu lonse mvula inagwa osapumira. Za ngolo panalibe. Machira akanatenga mpaka masana. Esinati anali ndi mimba yaikulu ya mayi ako iwe Tadala, sakanatha kutiperekeza. Iye ndiye anawakhazika mayi ake pachishalo m'mawa umenewo, anawapondetsa pathabwa, anawagwiritsa chitsulo chija. Pakati pa msana wanga ndi phewa lawo panatsala mpata woti nkhuku n'kukhalapo. Ine mtima unali m'malo, ndinkadziona ngati mkamwini wanzeru m'dera lonselo.

M'minda tinadutsa bwino, giya yoyamba, ine ndikulengeza ngati kondakitala. "Mwala, mayi. Tikukhota, mayi." Iwo ankangoti, "Eya, bambo." Koma titafika potsetsereka pamene madzi anakumba ngalande pakati pa njira, ndinapendamitsa njinga kumanja kuti ndiizembe. Iwo atamva kuti pansi pakuthawa, anadzikokera kumanzere ndi mphamvu zonse. Tayala lakumbuyo linaterereka, ndinamva kumbuyo kwapepuka. Pocheuka ndinawaona ali chagada m'matope, m'mphepete mwa munda wa nandolo, mpango uli poteropo.

Ana inu, ndinazimitsa njinga, ndinathamanga, koma nditafika pamene anagwerapo ndinangoima. Manja anakana. Mayi wokalamba, wosaona, ali m'matope chigongono chikutuluka magazi, ine mwamuna wamkulu ndili chilili ngati chitsa, kuopa kuwagwira. Mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

"Bambo, mwaima pati?" anafunsa.

"Ndili pompano, mayi. Mwapweteka?"

"Chigongono chokha. Kwatsala mtunda wotani?"

"Sitinafike n'pakati pomwe. Kutsogoloku ndiye koipa, kuli miyala ndi mtsinje."

Kenako anati, "Pali anthu pafupi?"

"Palibe, mayi."

"Ndiye ndidzutseni."

Ndinawagwira m'manja. Anali opepuka zomvetsa chisoni, ndipo apo m'pamene ndinadziwa mmene anaondera ndi kusadya kuja. Ataima anandifunsa kuti amene amaidziwa njingayi amati munthu azikhala bwanji. Ndinawauza zimene ananena a Jailosi, ndikuyang'ana pansi ngakhale iwo sankandiona. Sanadabwe, anangoti ndichotse thabwalo. Ndinamasula mabawuti awiri aja, ndinabwezera chopondera, thabwa ndinaliponya m'nandolo. Iwo anavula chitenje chapamwamba, chamkati anachikwinda pakati pa miyendo monga amachitira amayi powoloka mtsinje. Ndinawathandiza kukwera, ndinawaika phazi lililonse pachopondera chake. Nditakhala, anadutsitsa chitenje chija kumsana kwawo n'kundipatsa nsonga zake ziwiri.

"Mangani pachifuwa panupo, mumange zolimba," anatero. "Ine ndabereka ana asanu ndi awiri kumsanaku. Lero mundibereke ndinu."

Ndinamanga mfundo ziwiri. Anandigwira m'chiuno, mutu anautsamiritsa pakati pa mapewa anga.

Kuchokera apo njinga inakhala ina. Ndikapendama, iwo apendama, sindinafunikenso kulengeza kanthu chifukwa msana wanga unkawauza zonse. Pamiyala chitsulo cha kunsi chija chinalira kawiri, injini osamva kanthu. Makande anamatirira matayala, koma mano aja ankawalavula kumbuyo. Pamtsinje ndinaima. Masiku onse ndinkatsika kukayesa madzi ndi ndodo, koma tsiku limenelo ndinali womangidwa. Mwayi wake kutsidya kunali bambo wina akubwera ndi ng'ombe zake, ndipo ndinayang'anitsitsa pamene zinkaponda. Madzi ankazilekeza m'mawondo, mchenga unali wolimba cha kumtunda. Ndinalowera pomwepo, giya yoyamba, moto osaonjeza osachepetsa, maso kutsidya osati pamadzi. Madzi anatinyowetsa mpaka m'akatumba. Ndinamva zala zawo zikundikanikiza m'nthiti, akunong'ona pemphero m'chilankhulo cha makolo awo. Titakwera gombe anapumira m'mwamba n'kuti, "Tawoloka eti?" Ndinati tawoloka. Bambo wa ng'ombe uja anatiyang'ana kukamwa kuli yasa, ndipo ndinamupatsa moni ngati palibe chachilendo.

Titayandikira msika wa pa Lirangwe ndinachepetsa liwiro. "Mayi, ndiime apa ndimasule, kutsogoloku kuli anthu ambiri. Ena ndi a kumudzi kwathu."

"Nthawi ili bwanji?"

"Yatsala pang'ono kukwana."

"Musaime. Ine sindikuwaona anthuwo. Manyaziwo muwasenze nokha."

Tinadutsa pakati pa msika chomangidwa chomwecho, matope thupi lonse, ogulitsa tomato ataimirira kuti aone bwino. Ndinawongola khosi ngati ndanyamula nduna. Pachipatala tinapeza galimoto ilipo, anthu ayamba kukwera, dalaivala akumaliza chimanga chootcha. Namwino anatimasula akuseka, anawatsuka chigongono, anawalemba dzina, anawakweza. Ine ndinakhala pansi pakhonde la chipatala mpaka galimoto inazimiririka.

Patatha sabata ndinapita kukawatenga pachipatala paja. Ndinawapeza atakhala pabenchi, atavala magalasi akuda. Ndinagwada chapatali monga mwa masiku onse n'kupereka moni. Atamva mawu anga anavula magalasi aja. Kumbukirani kuti ngakhale maso awo ali bwino sanandiyang'anepo kumaso. Tsiku limenelo anandiyang'ana, kuyambira kutsitsi mpaka kuchibwano, osafulumira.

"Ndinu amene eti," anatero. "Esinati ankandiuza kuti ndinu wooneka bwino. Mwana wanga uja ndi wachifundo."

Sekani, palibe kanthu, agogo anu aakazi akhala akuseka zaka zonsezi.

Pobwerera anakwera okha, chotang'adza, osamanga chitenje. Njira yonse pakamwa sipanatseke. Chimanga cha uje chachita bwino, denga la uje lagwa, ana awa ndi a yani, mtengo unali apa anadula ndani. Titatsala pang'ono kulowa m'mudzi anandigogoda paphewa. "Imani apa, bambo." Anatsika, anamasula chitenje chokwinda chija, anachikonza bwinobwino mpaka m'mapazi, anamanganso mpango. Kenako anauyamba wapansi, opanda ndodo, opanda wowagwira dzanja, akulumpha mizu ndi timadzi ta m'njira. Ine ndinazimitsa injini n'kumakankha njinga pambuyo pawo, chapatali, chifukwa tinali titabwerera pamudzi ndipo anali apongozi anga.

Esinati anali pakhonde, mimba kutsogolo, dzanja pakamwa. Mayi ake anafika pakati pa bwalo n'kuima. Anayang'ana uku ndi uku, zisononkho pansi pa nkhokwe, zitosi za nkhuku pakhomo, udzu utamera m'mbali mwa khitchini.

"Esinati," anatero, "zaka zitatu zonsezi ine ndimayesa pakhomo panga mumasesa."

Anapita kuseri kwa chitseko, anatenga tsache, anayamba kusesa. Esinati ankaseka misozi ikutsika. Ine ndinaimika njinga kuseri kwa khola la mbuzi kumene sakanandiona, ndinakhala pansi, ndinalira ngati mwana. Madzulo ake apongozi anadya mbale yonse n'kuitanitsa ina.